Kwa achimwene amene agula Land Cruiser yakale ya apolisi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagula pa okishoni Land Cruiser ya pikapu imene inali ya apolisi, yakhala pabwalo zaka zingapo osayenda, ndipo mukufunsa ngati ndalama zimene zatsala muyambe nazo penti kapena injini, komanso ngati nyali ya padenga ija mungaisiye. Ine ndinadzutsapo yotereyi, mpaka lero ndi imene imatuta chimanga ndi feteleza kwathu, ndiye mundilole nditalikitseko.

Za penti iwalani kaye. Ndikudziwa mtima umafuna anthu aione ikuwala, koma galimoto yopentedwa isanakonzedwe pansi ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Musanagule ngakhale bawuti imodzi, malizani za mapepala. Tengani lisiti la ku okishoni ndi makalata onse amene anakupatsani, mugwade pafupi ndi tayala lakutsogolo, mupukute matope, muwerenge nambala yodindidwa pa chasisi. Muwerengenso ya injini. Galimoto zimene zimagwira ntchito zili zambiri pamalo amodzi zimasinthanitsidwa mainjini, ndiye nambala ikasiyana ndi ya pa pepala ndi bwino mudziwe lero. Nambala ya apolisi ija ya MP si yanu, a Road Traffic adzakupatsani ina pamodzi ndi blue book ya dzina lanu. Mukafunsenso ku MRA ngati pali msonkho wotsala, chifukwa galimoto yolowa m'dziko mosalipira msonkho ikamapita m'manja mwa munthu wamba nkhaniyo imadzuka. Zimapweteka kuthira ndalama m'galimoto imene simungailembetse.

Tsopano injini. Ngati yanu ndi ya dizilo ya masilinda 6 yopanda turbo, nthawi zambiri imeneyo imakhala 1HZ, ya malita 4.2, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990. Liwiro ilibe, koma imapirira zedi, ndipo amakaniko athu amaidziwa bwino. Makilomita amene akuoneka pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri. Amawerenga pokhapokha matayala akamazungulira, pamene galimoto ya apolisi imatha maola ambiri itaima, injini ikulira. Kampani ya Ford, imene inkapangira apolisi a ku America galimoto za Crown Victoria mpaka 2011, imawerengera ola limodzi lotere ngati mamailosi 33, kapena kuti makilomita pafupifupi 53. Injini yanu ndi yokalamba kuposa mmene manambalawo akunenera.

Musathamangire kuiliza. Khuthulani dizilo yense wakale, mutsitse thanki muitsuke, chifukwa pansi pake pamakhala madzi ndi zinyalala zimene zimapha pampu ndi ma injector. Sinthani oyilo ndi mafyuluta onse. Kenako izungulitseni ndi sipanala pamanja, mumve ngati sikugwira penapake. Timing belt, lamba woyendetsa mavalavu, sinthani pamodzi ndi tensioner yake yomukunga ngakhale ikuoneka yabwino. Imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 kapena 150,000 malinga ndi chaka cha injiniyo, ndipo labala amene wakhala zaka padzuwa amaduka osachenjeza. Ikaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavalavu, ndiye mwalowa m'ngongole. Pamenepa gulani ya orijino, musanyengedwe ndi yotchipa.

Chimene chinandiliza ine ndi radiyeta. Yanga italira bwino ndinakondwa, ndinangothira madzi n'kunyamuka. Pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, nditanyamula matumba, singano ya kutentha inakwera, ine n'kumati ndifike kaye pamwamba. Head, chivundikiro cha masilinda a injini, inang'aluka. Titatsegula radiyeta tinapeza theka lake latsekeka ndi matope ndi dzimbiri, chifukwa kwa zaka zambiri inkamwa madzi a pachitsime opanda coolant. Ndalama imene ndinalipira pa head ikanagula maradiyeta angapo. Injini ya 1HZ imakhululuka zambiri, koma kutentha ayi. Radiyeta, thermostat, water pump, mapaipi a labala ndi fan clutch, zonsezi zioneni musanayende ulendo wopitirira pamsika.

Mukatero lowani kunsi ndi tochi ndi kanyundo, ndipo kumeneku ndi kumene muyenera kukhalitsa. Galimoto iyi moyo wake wonse yakhala ikunyamula anthu odzaza kumbuyo, m'misewu ya mabampu, nthawi zina mothamanga. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Yang'anitsitsani pamene masipuling'i amamangirira, ndi kuseri kwa kabini pamene katundu amalemera. Mukaona ming'alu, kapena powotcherera pakale popakidwa penti yakuda, imani kaye muitane wowotcherera wodziwa za chasisi, osati wa mageti ndi mawindo. Masipuling'i akumbuyo amakhala atagona kapena tsamba lina litathyoka, mabushi atatha, ma U-bolt atamasuka. Kutsogolo, onani mipira ikuluikulu yachitsulo ili kuseri kwa matayala. Ikamatuluka phala lakuda lamadzimadzi, ndiye kuti oil seal yatha, oyilo wa difu wasakanikirana ndi girizi. Kiti yake siidula kwenikweni, koma mukachedwa mudzagula CV, mfundo yozunguza tayala lakutsogolo, ndi mabering'i.

Werenganinso mabawuti a tayala. Akakhala 6, ndipo kutsogolo kuli masipuling'i a masamba, yanu ndi Land Cruiser ya mtundu wa 75. Akakhala 5, kutsogolo kuli makoyilo, ndi 79, imene inayamba mu 1999. Zimafanana nkhope, koma zipangizo zambiri za kunsi sizilowana, ndipo ogulitsa ena amangoti zonse ndi Cruiser. Popita kukagula nyamulani chakalecho m'manja. Ngati ndi 79, mvetserani giya ya 5 poyesa, chifukwa giyabokosi yake imayambira pamenepo kutopa ikamakokedwa ndi katundu wolemera. Mabuleki musakambirane nawo: mapaipi a labala, mafuta ake, ma pad ndi ma shoe, zonse zatsopano.

Mawaya ndi nkhani ina imene anthu amaipeputsa. Munali wailesi ya mauthenga, sayirini ndi nyali, ndipo pochotsa zimenezi nthawi zambiri amangodula n'kusiya. Waya wamoyo wopanda fuse akakhudza chitsulo, batire imatha usiku umodzi, mwinanso galimoto kuyaka. Pezani wa zamagetsi woleza mtima, atsatire waya aliyense wosakhala wa Toyota mpaka kumene wachokera, amuchotse yense. Kukulunga ndi tepi si kukonza. Mabowo a padenga, pamene panali nyali ndi mlongoti, awotcherereni. Mukangomata, mvula ya Januwale idzalowa, ndipo dzimbiri lidzadya denga ndi pansi pa mapazi.

Za nyali ija, chonde ichotseni. Chotsaninso sayirini, mawu akuti POLICE, chizindikiro ndi mizere yonse, ndipo muipente mtundu woti munthu akaiona patali asaganize kuti kukubwera boma. Kudzionetsa ngati wapolisi ndi mlandu, ndipo pa rodibuloko simudzakhala ndi pothawira. Koma ngakhale lamulo likanakhala chete, taganizirani mayi amene akuthamangira galimoto yanu usiku akuyesa kuti wapeza thandizo. Ku America ndi ku Britain kuli anthu amene amabwezeretsa galimoto zakale za apolisi mmene zinalili n'kumakazionetsa ku zionetsero, koma nawonso malamulo a nyali ndi zizindikiro amawamanga akalowa mumsewu. Zomata zija zimachoka bwino mukaziwotha pang'ono, koma mthunzi wa zilembo umatsalira pa penti, ndiye pamafunika kupala ndithu.

Penti ibwere mutayenda nayo miyezi iwiri kapena itatu, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zili m'manja, mutaona kuti sikutentha, sikudontha, sikukokera mbali. Pamenepo mudzakhala mutadziwanso pamene pakufunika kuwotcherera, kuti moto usadzawononge penti yatsopano.

Mukapeza mpata, jambulani chasisi kuseri kwa kabini mbali zonse ziwiri, mkati mwa radiyeta mutatsegula chitsekerero, ndi tayala limodzi loonetsa mabawuti. Ikani zithunzizo pansi pa yankho lino, ndidzakuuzani choyamba kugula.