Munthu Akafunsa Foni ndi Pakamwa, Kodi Garaja Yanu Imatchulidwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi garaja yokonza magalimoto. Funso lawo linali lotere: "Mnyamata wina wandiuza kuti anthu masiku ano salembanso akamafufuza zinthu pa Google, amangoyankhula ndi foni. Akuti ndimulipire kuti garaja yanga izipezeka anthu akamafufuza ndi mawu. Kodi ndilipire, kapena pali zomwe ndingachite ndekha?"

Bambo, zikomo pondilembera. Musafulumire kutulutsa ndalama. Gawo lalikulu la ntchitoyi mungaligwire nokha ndi foni yanu yomweyo, ndipo silifuna kulipira.

Choyamba tichotse maganizo akuti pali kaundula wina wobisika amene mapulogalamu oyankha mafunso a pakamwa, monga Siri kapena Google Assistant, amawerenga, woti munthu amalowamo pogula malo. Kulibe. Siri inafika pa iPhone mu 2011, Alexa ya Amazon inatuluka mu 2014, Google Assistant inabwera mu 2016, ndipo zonsezi zikafunsidwa za bizinesi yapafupi zimatenga yankho ku zinthu zimene zilipo kale. Foni ya Android imayang'ana pa Google Maps. Siri imadalira Apple Maps. Choncho funso lenileni ndi lakuti: pa mapu amenewa, garaja yanu ilipo? Zimene zalembedwapo n'zoona?

Chimene chimasiyanitsa kuyankhula ndi kulemba n'chakuti wolemba amaona mndandanda wautali, nasankha yekha. Woyankhula amamva dzina limodzi kapena mayina ochepa chabe. Komanso taganizirani munthu amene akufunsayo. Galimoto yamuthimira pamsewu, kukuda, manja ali ndi oilo chifukwa anali kusuzumira mu injini. Sakufuna mbiri ya garaja yanu. Akufunsa zinthu zitatu: ili pafupi ndi iti, yatsegula panopa, nambala yake ndi chiyani. Zonse zimene ndikuuzeni pansipa zikungothandiza foni kuyankha mafunso atatuwa ndi dzina lanu.

Yambani ndi Google Business Profile, tsamba la bizinesi yanu pa Google, imene kale inkatchedwa Google My Business. Fufuzani dzina la garaja yanu pa Google Maps. Nthawi zina mumapeza kuti ilipo kale, inaikidwa ndi kasitomala wina, mwina ndi nambala yakale. Ngati ilipo, ilembetseni kuti ikhale m'manja mwanu. Ngati kulibe, ipangeni. Google idzafuna kutsimikiza kuti ndinudi mwini wake, mwina potumiza nambala yachinsinsi, mwina pokupemphani kujambula vidiyo yoonetsa malowo ndi chikwangwani. Musadumphe sitepe imeneyi.

Google yokha imanena kuti posankha bizinesi yoti ionekere imayang'ana zinthu zitatu: ngati ikugwirizana ndi chimene munthu wafunsa, mtunda wake, ndi kutchuka kwake. Mtunda simungausinthe, koma mungauwononge ngati kachizindikiro ka pamapu kaikidwa pamalo olakwika. Imani pakhomo pa garaja, tsegulani mapu, muone ngati kachizindikirako kali pomwe mwaimapo. Kenako sankhani gulu loyenera la bizinesi. Gulu loyamba ndi lofunika kwambiri, likhale la ntchito imene mumagwira tsiku ndi tsiku. Ngati mumakonzanso matayala kapena kukoka magalimoto owonongeka, onjezani zimenezi monga magulu ena ndipo muzilembe pa mndandanda wa ntchito zanu.

Tsopano nthawi yotsegula ndi kutseka. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amataya makasitomala osadziwa. Munthu akanena kuti akufuna garaja yotsegula panopa, foni imasefa, n'kusiya okhawo amene nthawi yawo ikusonyeza kuti ali pantchito. Ngati simunalembe nthawi, mwadzichotsa nokha pampikisano. Ngati munalemba kuti mumatseka 5 koloko pamene mumakhalapo mpaka 7 koloko, maola awiri tsiku lililonse mumakhala osaoneka, ndipo ndi nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito ali pamsewu. Choipa kwambiri ndi kulemba kuti mwatsegula pamene mwatseka. Munthu amene wakankha galimoto mpaka pakhomo panu n'kupeza loko sabweranso, ndipo amauza anzake. Pali malo apadera olembapo nthawi ya masiku a tchuthi, muziwagwiritsa ntchito. Ine ndimaona kuti kukonza nthawi kokha kumaposa zinthu zambiri zimene anthu amalipira ndalama.

Chenjezo limodzi pa dzina. Ena amalangiza kuti muwonjezere mawu monga "garaja yabwino yotsika mtengo yapafupi" ku dzina la bizinesi. Malamulo a Google amaletsa zimenezi, ndipo tsamba lanu likhoza kuimitsidwa. Lembani dzina lomwe lili pachikwangwani.

Mukamaliza ku Google, chitani zomwezo ku Apple, pamalo olembetsera mabizinesi amene inatsegula mu 2023 ndi dzina loti Apple Business Connect, kuti a iPhone akupezeni, ndiponso ku Bing Places, malo otere a kampani ya Microsoft. Dzina, adiresi ndi nambala zikhale zofanana ndendende kulikonse, kuphatikizapo pa Facebook ndi pa webusaiti yanu. Makina akapeza nambala ziwiri zosiyana sadziwa yoona, ndipo amakhulupirira kwambiri bizinesi imene zake sizikutsutsana.

Kutchuka kumabwera makamaka ndi ndemanga za makasitomala. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene munthu wayatsa galimoto, yalira bwino, nkhope yake yawala. Mumuuze mwaulemu kuti akalembe mawu awiri atatu. Muziyankha ndemanga zonse, ngakhale zodandaula, mofatsa ndi mosabisa chilungamo, chifukwa amene amawerenga yankho lanu ndi kasitomala wa mawa. Musagule ndemanga ndipo musalonjeze kuchotsera mtengo posinthana nazo. N'zoletsedwa, komanso ndi bodza kwa anthu omwe mukufuna kuti akukhulupirireni.

Ngati muli ndi webusaiti, pali kanthu kena kamene ndimakakonda. Anthu polemba amadula mawu, koma poyankhula amafunsa funso lonse monga angafunsire mnzawo: "N'chifukwa chiyani galimoto yanga ikutulutsa utsi woyera?" Kuyambira mu 2013 ndi njira yofufuzira yotchedwa Hummingbird, kenako mu 2019 ndi ina yotchedwa BERT, Google yakhala ikuphunzira kumva tanthauzo la chiganizo chonse, osati kungofananiza mawu. Inu mafunso amenewa mumawamva tsiku lililonse pagaraja. Sungani kakope, muziwalemba momwe kasitomala wawanenera, m'chiyankhulo chomwe wagwiritsa ntchito. Kenako aikeni pa webusaiti, funso pamwamba, yankho lolunjika m'chiganizo choyamba kapena chachiwiri, tsatanetsatane pambuyo. Yankho lalifupi lomveka bwino ndi lomwe foni imatha kuwerenga mokweza. Tsambalo lizitseguka msanga pa foni, ndipo nambala ikhale yoti munthu akaigunda foni iyimbe. Amene anakupangirani webusaiti mumufunse ngati anaikamo zizindikiro za schema.org za mtundu wa LocalBusiness, zomwe zimauza makina mosapita m'mbali kuti ili ndi dzina, iyi ndi adiresi, iyi ndi nthawi. Kwa wodziwa ntchito, n'zosatenga nthawi.

Nanga mnyamata uja? Sindikunena kuti ndi wachinyengo. Kulipira munthu kuti akukonzereni webusaiti kapena kukulembetserani malo onsewa n'koyenera ngati nthawi ikukuchepani. Koma mumufunse kuti achita chiyani chenicheni, chimodzi ndi chimodzi. Akalonjeza kuti mudzakhala oyamba nthawi zonse, musiyeni, chifukwa yankho limasintha malinga ndi pomwe wofunsayo waima. Ndipo chonde, umwini wa Google Business Profile ukhale pa akaunti yanu. Iyeyo mumuwonjezere ngati wothandizira basi, kuti mukadzasiyana asapite ndi tsamba lanu ndi ndemanga zonse zomwe mwazivutikira.

Mukatha zonsezi, yesani nokha. Bwerekani mafoni awiri, ya Android ndi iPhone, osati yanu, popeza yanu imakudziwani kale. Pitani makilomita awiri kapena atatu kuchokera pagaraja, mufunse monga munthu amene galimoto yamuthimira. Mukafunsenso madzulo, pafupi ndi nthawi yotseka. Mvetserani dzina limene likutchulidwa, muone ngati nambala yake ikulowa, ndipo ngati si lanu, tsegulani tsamba la garaja imeneyo muone chimene iwo analemba chomwe inu simunalembe. Mukapeza, ndilembereninso, Bambo, tione limodzi.