Chikangaude chachikulu chija si chimene chinandiluma

Aphunzitsi, nkhani yanu yopita ndi ana kuphanga la Thandwe kukaona zojambula zakale yandiyabwitsa chipsera. Awa akuyankha pamwambapa kuti kuli chikangaude chachikulu ngati mbale akuopa cholakwika. Chophwatalala chija, choyenda cham'mbali pamwala, chokhala ndi miyendo iwiri yakutsogolo yaitali ngati mkwapulo, chilibe ululu, ndipo si kangaude weniweni, ndi msuweni wake chabe. Wa miyendo yowonda uja, amene amanjenjemera pa ukonde mukamukhudza, yemwe tili naye m'zimbudzi zathu, nayenso alibe mlandu. Kondiluma ine kanali kakang'ono, kofiirira, thupi lake losaposa nyemba.

Munali mu Okutobala 2019. Fetereza atadula, alamu anga anandinyengerera kuti tikatape zitosi za mileme m'kaphanga kena kumapiri a ku Chadiza, tikathire m'dimba la matimati. Titafika iwo anakhala pakhomo n'kuyatsa fodya, wokwawa ndi tochi ndi thumba ndine. Kutentha kwake inu. Ndinavula malaya n'kuwaika pamwala. Pomavala ndinangomva ngati kaminga kandibaya kuseri kwa mkono, ndikukutumula kanagwa pansi, kumsana kwake kuli kachizindikiro kakuda ngati kagitala. Sindinasamale n'komwe, ndinasenza matumba anayi mpaka panjinga.

Usiku womwewo ndiye unayamba moto. Kutacha mkono watupa, wofiira, wotentha ngati mbaula. Tsiku lachitatu panatuluka thuza, kenako pakati pake panada bii. Alamu aja kubwera, m'malo moti tiyeni kuchipatala, akuti mwaponda malo a mizimu, izi n'zakumudzi. Anatenga lezala n'kutema mphini kuzungulira chotupacho, n'kupakapo zakuda za m'batire ya wailesi. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Pomatha sabata nyama inayamba kuwola, panachita dzenje lolowa chala, mafinya kudontha pamphasa, ntchentche kundilondola ngati ndanyamula nsomba. Mkazi wanga ankagona atafunda chitenje kumphuno, mwana wamng'ono kukana kuti ndimunyamule. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa chilondacho.

Kuchipatala anandikalipira ngati mwana. Anandiuza kuti ululu wa kangaude ameneyu, pachingerezi amati violin spider, umapha nyama pamene walumapo, ndipo alibe jekeseni wouchotsa, amangotsuka chilonda ndi kupatsa mankhwala oti chisalowe tizilombo. Ndipo tizilombo tambiri anandilowetsera ndi lezala lija. Miyezi iwiri ndikuyendera kukatsukitsa. Matimati anauma chifukwa chosowa wothirira. Alamu? Anagulitsa matumba anayi aja kwa munthu wina wa dimba, ngwee imodzi sindinaione, ngakhale kudzandizonda ndi kabotolo ka maheu. Mpaka lero pamaliro tikakumana akuti mphini zawo ndi zimene zinandipulumutsa. Ndimangoyang'ana kumbali chifukwa cha achemwali.

Ndili chigonere ndinawerenga zambiri pafoni. Akangaude m'phanga sakhala chisawawa. Pakhomo pamene pali kuwala pamakhala oluka maukonde, odikira ntchentche ndi agulugufe ausiku. Mkatikati mwa kachisisira, m'ming'alu ndi pansi pa miyala youma, ndimo mobisala kagitala kanga kaja. Kali ndi maso 6 pomwe akangaude ambiri ali ndi 8, ndipo sikathamangitsa munthu, kamaluma kakapanikizika pakati pa nsalu ndi khungu. Aja osaona, oyererako, amakhala m'mapanga akuya kumene dzuwa silifika, monga wa pachilumba cha Kauai ku Hawaii amene alibiretu maso. Athu kunowa, Thandwe ngakhale Kalemba wa ku Chadiza, ndi miyala yongophimba pamwamba, kuwala kumalowa, ndiye zambiri zomwe mungakapeze ndi zomwezi za kuseri kwa kabati.

Choncho pitani nawo anawo, musaope, aone zimene makolo anajambula. Kungoti asaike majuzi ndi zikwama pansi, asagubuduze miyala, asapise zala m'ming'alu. Akavula nsapato agogode asanavale. Mukamva fungo la mileme bwererani pomwepo, fumbi la zitosi zake limadwalitsa mapapo, ndipo pansi pafumbi osakhala, mumatha kukhala nkhufi. Wina akalumidwa, tsukani ndi sopo, kachilomboko kaikeni m'botolo ngati mwakaona, ulendo kuchipatala tsiku lomwelo, lezala ayi.

Koma wanga ali giredi 6, kalata ya ulendo ngati umenewo ikabwera kunyumba ine sindisaina. Adzaonera zithunzi pafoni yanu.