Ine za Doña ndi usted zinandiliza ku Madrid

Achemwali, ndi funso lanu la katchulidwe ka abwana mwaulemu m'Chisipanishi mwandikumbutsa zowawa. Ine nditangofika ku Madrid, likulu la dziko la Spain, ndinapeza ntchito yosamala agogo ena pakhomo pawo, Chisipanishi changa chinali chongotola pa foni. Lamulungu loyamba kunabwera ana awo kudzadya nkhomaliro, ine ndanyamula poto wa supu ndikuwafunsa agogowo "¿quieres más?" kuti ufuna wina, osadziwa kuti ka s kakumapetoko ndiye kuti ndawatchula iwe pamaso pa ana awo. Patebulo ponse zii. Mpongozi wawo anaika supuni pansi nkundiyang'ana kuyambira kumapazi, akuti kuno si kumsika, awa ndi Doña (mawu olemekezera mayi), uziti usted, kutanthauza inu. Pofuna kukonza ndinaphatikiza Doña ndi dzina la bambo awo, kulakwanso, mdzukulu mpaka kuseka, manja anga akunjenjemera supu kudonthera pa nsalu yoyera ya patebulo, ndinakalirira kukhitchini madzi a pampopi ndili chotsegula kuti asandimve.

Chimandipwetekabe nchakuti mayi yemweyo wondiphunzitsa ulemu sananditchulepo dzina ngakhale tsiku limodzi, ankangoti "la chica", mtsikana, ine mayi wa ana atatu. Kwathu mwana sanganene iwe kwa munthu wamkulu, ulemuwo tinayamwira, ine ndinangosowa mawu ake basi. Akanandikokera pambali bwenzi zitatha.

Ndiye gwirani izi. Don ndi Doña zimayenda ndi dzina loyamba, monga Doña Carmen kapena Don José. Señor (Bambo) ndi Señora (Mayi) ndiye zimatenga dzina la makolo, Señora García. Maina a makolo amakhala awiri, nthawi zambiri loyamba la bambo lachiwiri la mayi, ndipo mkazi akakwatiwa sasintha, inu tchulani loyambalo. Señorita, yotchulira mkazi wosakwatiwa, isiyeni, azimayi ambiri saikondanso. Usted ndi inu, tú ndi iwe, ndipo verebu imasintha, quiere kwa wamkulu quieres kwa mnzako. Ngati abwana anuwo ndi a ku Mexico kumeneko amalemekeza sukulu, amatchulana Licenciado (wa digiri) kapena Ingeniero (injiniya), musadumphe zimenezo.

Komatu musaope tú kwambiri, ku Spain anthu ambiri amatchulana tú ngakhale ndi abwana kuntchito, munthu wa zaka 40 mukamuti usted amadandaula kuti mukumukalambitsa. Agogo aja omwe patapita miyezi anandigwira dzanja ndikuwapesa tsitsi nkundiuza "tutéame", uzinditi iwe. Ine pakamwa panakana, mpaka ndinachoka ndikuwatibe usted.