Kalulu ndi Fulu: anatengera mnzake ndani?

Funso: Mwana wanga wabwera ndi buku la kusukulu lokhala ndi nthano ya Aesop ya Kalulu ndi Fulu. Ine nthanoyi ndinkaimva kwa agogo anga tikuwotha moto. Kodi Azungu anatibera, kapena ndife tinatengera? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, nthano ziwirizi zikufanana pa mpikisano pokha. Kwa Aesop, Kalulu amadzitama n'kugona panjira, Fulu n'kumudutsa mwakachetechete. Yathu ija, agogo akati "Padangokhala," ife n'kuvomera "Tili tonse," Fulu amapambana ndi nzeru. Amabisa abale ake m'tchire m'mbali mwa njira yonse. Kalulu akafuula kuti "Fulu, uli kuti?" wina kutsogolo amayankha kuti "Ndili pano!" Kalulu amathamanga mpaka mpweya kumuthera. Ine imeneyi ndiyo imandikoma, chifukwa Kalulu wochenjera uja amapusitsidwa ndi banja lonse.

Aesop anakhala ku Greece zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, ndipo Herodotus, wolemba mbiri yakale wa Chigiriki, analemba kuti Aesopyo anali kapolo wa munthu wina wa pa chilumba cha Samos. Nthano zake zinasonkhanitsidwa ndi anthu ena pambuyo pake. Ya abale ija inawoloka nyanja pakamwa pa akapolo ochokera ku Africa, ndipo wolemba mabuku wina, Joel Chandler Harris, anaisindikiza ku America cha m'ma 1880.

Sindikuona wakuba apa, mayi. Mwanayo awerenge ya m'bukuyo, koma inunso mumusimbire ya agogo anu, ndipo aziyankha yekha mawu a abale a Fulu.