Malire a ndalama za mu HSA: yankho kwa mayi wa ku Indiana

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Indiana, ku America, wandilembera imelo. Analowa ntchito pa 1 Julayi 2025, inshuwalansi yake ndi ya banja lonse, ndipo abwana amamuikira madola 1,000 mu HSA, akaunti yosungiramo ndalama zolipirira chipatala ndi mankhwala popanda kudulidwa msonkho. Akufunsa kuti iye awonjezerepo zingati, komanso ngati angalipirire nazo chipatala amayi ake amene ali ku Malawi.

Mayi, tisanawerenge ndalama, yambani mwafunsa bambo a kunyumba ngati kuntchito kwawo ali ndi FSA wamba, akaunti ina ya kuntchito yolipirira mankhwala. Ngati ali nayo, bungwe la msonkho la America la IRS limaona ngati inunso muli pa chitetezo china cha zaumoyo, ndiye simuloledwa kuika kanthu mu HSA. Mabanja ambiri amazindikira izi mochedwa, n'chifukwa chake ndayambira pamenepa. Malamulo ena ndi achidule: musakhale pa Medicare (inshuwalansi ya boma ya achikulire), wina asakulembeni ngati womudalira pa msonkho, ndipo inshuwalansi yanu ikhale ija imene mumayamba mwalipira nokha madola osachepera 3,300 pabanja (malire a 2025) kampani isanathandizepo.

Malire a 2025 ndi madola 8,550 pabanja, 4,300 kwa munthu mmodzi, ndipo wa zaka 55 kupita m'tsogolo amawonjezerapo 1,000. Za abwana zija zimawerengedwa momwemo. Popeza mwakhala pa inshuwalansiyi miyezi 6 yokha mu 2025, gawo lanu ndi 4,275. Kuchotsapo 1,000 ya abwana, kwatsala 3,275.

Pali lamulo lina lolola munthu amene anali woyenerera pa 1 Disembala 2025 kuika zonse za chaka chathunthu, koma ayenera kukhalabe woyenerera mpaka 31 Disembala 2026. Mukasiya kukhala woyenerera pakati, mwachitsanzo posintha ntchito kapena inshuwalansi, zowonjezerazo amazidula msonkho ndi chindapusa cha 10 peresenti. Ine ndikanakhala inu, ntchito ikadali yatsopano chonchi, ndikanaima pa 3,275. Tsiku lomaliza loikira ndalama za 2025 ndi 15 Epulo 2026, ndipo zikapitirira malire osazichotsa, pamakhala msonkho wa 6 peresenti chaka chilichonse.

Za amayi anu ndikuyankhani ndi chisoni, chifukwa ndikudziwa mmene mtima umawawira kholo likadwala kutali. HSA imalipirira inu, amuna anu ndi okudalirani pa msonkho, ndipo kholo lokhala ku Malawi, losakhala nzika ya America, silikwanira pa lamulo limenelo. Mukatapa ndalamazo kuti mulipirire amayi, inu musanafike zaka 65, mudzalipira msonkho kuphatikizapo chindapusa cha 20 peresenti. Amayi atumizireni kuchokera ku akaunti yanu ya masiku onse.