Kwa achemwali amene mayi awo atuluka chilonda kunyumba yosungirako okalamba

Achemwali pepani kwambiri ndi zomwe zakugweranizi. Ndawerenga zomwe mwalemba, kuti mayi akhala miyezi inayi kunyumba yosungirako okalamba chiwagwireni sitiroko, ndiye Lamulungu lapitali powasintha zovala mwapeza chilonda pamwamba pa matako, aonda, komanso nthawi zonse mukapita mumawapeza ali mtulo, ndiye mukufunsa kuti muwachotseko kapena mukadandaule, nanga kodandaula kwake nkuti. Ine ndinagwirapo ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri shifiti ya usiku, ndiye zomwe ndinene panozi ndinaziona ndi maso angawa.

Tiyambe ndi chilondacho chifukwa icho sichidikira kuti mumalize kuganiza. Zilonda zimenezi zimabwera munthu akagonera kapena kukhalira mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapanikiza mnofu magazi osayenda, khungu nkuyamba kufa, ndipo zimatha kuyamba m'maola ochepa chabe. Nchifukwa chake munthu amene satha kudzitembenuza yekha amayenera kumatembenuzidwa pafupipafupi, malo ambiri amati maola awiri aliwonse, usana ndi usiku womwe, ndipo thewera likanyowa lisinthidwe msanga poti mkodzo umafewetsa khungu nkulidya. Chimene ambiri sadziwa nchakuti mabuku amati chizindikiro choyamba ndi kufiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, malowo amangoda kuposa pena ponse, mwina kutentha kapena kulimba mukagwira, ndiye wosamalira amene sanaphunzitsidwe bwino amangodutsa mpaka tsiku lomwe pabooka. Mawa lomweli kawayang'aneni paliponse, zidendene, m'chiuno mbali zonse, m'zigongono, m'mapewa, kunkhongo. Jambulani pafoni tsiku lizioneka, muike chinthu pambali pake choti kukula kwa chilondacho kuzidziwika. Muuze nesi wamkulu kuti mukufuna dokotala achione sabata ino, ndipo chikayamba kununkha, kutuluka mafinya kapena mayi atentha thupi, kapena ayamba kubalalika mutu mwadzidzidzi, musadikire aliyense, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa chilonda chotere chimatha kulowa mpaka pafupa ndi m'magazi.

Kenako pemphani kuona fayilo yawo. Ngati ndinu amene munasainira kapena mayi avomera, asakuopsezeni kuti ndi zachinsinsi. Muli pepala losonyeza nthawi yomwe anatembenuzidwa, la madzi omwe amwa ndi chakudya chomwe adya, la sikelo, ndi la mankhwala. Koma ndikuuzeni zoona, mapepala amenewa amatha kunama. Komwe ndinkagwira ine usiku wina tinali awiri basi okalamba ali ambirimbiri, ndipo ndinaona mnzanga akudzaza mabokosi onse a usiku wonse nthawi imodzi kunja kukucha, cholembera chimodzi dzanja limodzi, pomwe agogo ena sanakhudzidwe nkomwe. Zinandiwawa ndipo mpaka lero zimandiwawabe. Sanali munthu woipa mtima ayi, ntchito inamukulira, koma amene anavutika ndi agogo aja. Ndiye mukaona pepala loyera bwino, lililonse pa ola lake ndendende, koma thupi la mayi likunena zina, khulupirirani thupilo.

Za kuondazo funsani manambala, asangokuuzani kuti akudya bwino. Analowa akulemera makilo angati, pano ali ndi angati. Munthu akataya magawo 5 pa 100 a kulemera kwake m'mwezi umodzi, kapena magawo 10 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi, achipatala amati pamenepo pali vuto lofunika kulifufuza. Anthu a sitiroko ambiri amavutika kumeza, amatsamwa, amadya pang'onopang'ono, ndiye ngati wowadyetsa ali ndi anthu enanso asanu omudikira mbale imachotsedwa isanathe nkulemba kuti akana kudya. Pitani nthawi ya chakudya mukakhale pansi muone nokha, ndani akuwadyetsa, akuwakhazika tsonga kapena akuwadyetsa chogona, kapu ya madzi ili poti angaifikire ndi dzanja lomwe likugwira ntchito kapena ili mbali yakufa ija.

Tulo tomwe mukunenato ndi tomwe tandidetsa nkhawa kwambiri. Mwina ndi matenda, mwina kuchepa kwa madzi m'thupi, koma funsani ndithu ngati pali mankhwala atsopano omwe anayambitsidwa atalowa kumeneko, dzina lake, anawalembera ndani, chifukwa chake nchiyani. Malo ena okalamba amene amaitanaitana kapena kuyendayenda usiku amapatsidwa mankhwala a matenda a misala kuti angokhala phee ogwira ntchito apume, pomwe ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linachenjeza kale mu 2005 kuti mankhwala amenewa amaonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Musawasiyitse nokha, ena ndi oopsa kusiya mwadzidzidzi, koma dokotala akufotokozereni bwinobwino mpaka mumvetse.

Tsopano za kodandaula. Yambani ndi manijala koma molemba, imelo kapena kalata yomwe mwasungako kope, tsiku, zomwe munaona, amene munalankhula naye, ndipo mupemphe yankho lolemba pofika tsiku lakuti. Zapakamwa zimathera pakhomo pomwepo. Afunseninso setifiketi yosonyeza kuti nyumbayo inalembetsedwa kuboma komanso lipoti la oyendera omwe anabwera komaliza. Akayamba kuzemba pamenepo dziwani kuti pali kanthu. Anthu amaitenga laisensi ngati kapepala chabe koma kumbukirani zomwe zinachitika ku Gauteng, m'dziko la South Africa, mu 2016, odwala matenda a m'maganizo atasamutsidwa kuchoka kuzipatala za Life Esidimeni kupita kumalo ena ambiri mwa iwo opanda ziphaso zoyenera, anthu 144 anamwalira, ena ndi njala ndi ludzu.

Amene amayendera nyumbazi amasiyana dziko ndi dziko. Ku England ndi Care Quality Commission, malipoti awo ali pa intaneti aliyense atha kuwerenga ndipo nyumba iliyonse imapatsidwa mulingo umodzi mwa inayi, kuyambira yabwino koposa mpaka yosakwanira. Ku America kuli tsamba la boma la pa intaneti lotchedwa Care Compare komwe amapereka nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, kulinso ma ombudsman omwe ntchito yawo nkumva madandaulo a anthu okhala m'nyumbazi. Ku South Africa lamulo la Older Persons Act la 2006 limafuna kuti nyumba iliyonse yotere ilembetsedwe. Kwina kulikonse yambirani ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu kapena ya zaumoyo, ndipo ngati nesi ndi amene walakwa, bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa manesi limalandiranso madandaulo. Simukufunika kudikira kuti manijala akuloleni.

Koma achemwali musaike mtima wonse pa lipotilo. Oyendera amabwera tsiku limodzi kapena awiri, mwina papita chaka kapena kuposa, manijala anasintha, ogwira ntchito odziwa anachoka. Bungwe la WHO linanenapo kuti mwa ogwira ntchito atatu aliwonse m'malo osungirako anthu otere, awiri anavomera okha kuti anachitirapo wokalamba nkhanza chaka chomwe chinali chitangopita, ndiye taganizani ndi zingati zomwe woyendera angazione ali ndi fayilo m'manja masana dzuwa likuswa mtengo. Inu ndi abale anu ndi amene mungafike Loweruka madzulo, m'mamawa asanasambitsidwe, osaimba foni. Gawanani masiku, muzifika nthawi zosiyanasiyana. Imbani belu la pabedi muwerenge mphindi mpaka munthu abwere. Funsani kuti usiku amakhala angati pa okalamba angati, ndipo nesi weniweni amagona pomwepo kapena amachita kumuimbira. Ndipo chonde musakalipire atsikana osamalira aja, alankhuleni bwino, adziweni maina, ambiri mwa iwo amafunitsitsa wina atafunsa mafunso amenewa ndipo ndi amene angakunong'onezeni zoona zake.

Zowachotsa ine ndinganene kuti inde yambani kufufuza malo ena lero lomwe koma musawanyamule mwaphuma opanda kolowera, kusamutsa munthu wodwala chonchi nakonso kumamusokoneza, ndipo werengani kontirakiti muone kuti notisi yake ndi ya masiku angati. Akavomera kulakwa, dokotala nkubwera, akawapezera matiresi apadera ochepetsa kupanikizika nkuyamba kuwatembenuza moona, mutha kuona kaye sabata ziwiri mukuyang'ana chilondacho ulendo uliwonse. Koma akakana kukuonetsani fayilo, akayamba kukuletsani kubwera nthawi zina, kapena mukaona mayi akuchita mantha wina akalowa m'chipinda, kapena mupeze mikwingwirima yomwe palibe akuifotokoza, achotseni basi ndipo dandaulo lipitebe kuboma olo mutachoka chifukwa pabedi pomwepo pagonanso mayi a munthu wina.

Mukakaona fayilo ija mudzatiuze maina a mankhwalawo ndi zomwe dokotala wanena za chilondacho, tidzathandizane kulemba kalata ya kwa manijala.