Galu wanga salola kutsala yekha

Funso: Ndikangotuluka kupita kuntchito, galu wanga amauwa mosalekeza, amakanda chitseko mpaka kukodza m'nyumba. Kodi ndizimumenya?

Yankho: Ayi ndithu, musamumenye. Si mwano umenewo, ndi mantha otsala yekha, ndipo chikwapu chimangowonjezera manthawo. Galu wotere amayamba kutekeseka akangomva kulira kwa makiyi. Choncho muzitenga makiyiwo kangapo patsiku n'kukhalanso pansi, osapita kulikonse. Akazolowera, muzituluka masekondi 10 okha n'kubwerera asanayambe kulira, kenako muziwonjezera nthawi pang'onopang'ono. Ambiri amalakwitsa pothamangira maola. Akayambiranso kulira, bwererani pa nthawi imene ankapirira. Pogona pake muikepo malaya anu akale osachapa. Akafika podzivulaza mano kapena zikhadabo, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, mankhwala othandiza alipo.